Moni wa Apongozi Anga pa Makina a Ndalama

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga a chigwirizano, ndi inu nonse abale ndi alongo, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Musaone kuti ndaima chonchi. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine kutsogolo kuno sindifikako. Ngakhale nyimbo ndimayimbira kumbuyo kwa anzanga. Koma lero ndikakhala chete ndichimwa. Ndikufuna kuchitira umboni.

Kwa alendo amene mwabwera ndi tchuthi, ine ndine amake Yamikani, mtengwa wa kwa a Mbewe, konkuno ku Mkaika. Dzina limene anandipatsa makolo anga ndi Nelia, ngakhale kuno silimveka kawirikawiri. Amuna anga ndi aphunzitsi. Anawatumiza kusukulu ina mkati mwa Vubwi, kufupi ndi malire. Kumeneko kulibe banki, kulibe makina otulutsa ndalama, ndipo foni yawo nthawi zambiri imagwira netiweki ya ku Malawi. Kuti mulankhule nawo, mpaka akwere pachulu cha kuseri kwa sukulu. Ndiye khadi lawo la kubanki limakhala ndi ine. Malipiro akalowa, ndine ndimapita ku Katete kukatapa. Ndikudziwa kuti a kubanki safuna zimenezo. Koma akazi a aphunzitsi muli muno, musayang'ane pansi, tikudziwana.

Abale, ine ndine munthu wamantha. Ndikunena poyera. Mwana akatsokomola kamodzi, ine mumtima ndafika kale kuchipatala. Kukoleji ndinapita, satifiketi ili m'sutikesi kudikira ntchito, koma mantha sachoka ndi satifiketi. Khadi limenelo ndimaliika m'kachikwama, kachikwamako m'kati mwa malaya, ndipo m'minibasi ndimangodzigwiragwira pachifuwa ngati ndikudwala. Pini sindinailembe paliponse, ili m'mutu. Aja amaimba foni aja, akuti ndife a kubanki, khadi lanu latsekedwa, tiuzeni pini tilitsegule, amenewo ndimawadulira foni asanamalize. Ndinkadziona kuti ndine wochenjera. Wakuba ndinkamudikirira pafoni. Sindinadziwe kuti adzabwera atavala jekete.

Tsopano ndinene za apongozi anga aamuna, a Mbewe, amene akhala apo pabenchi ya akulu, ndipo ndikuona ayamba kale kuyang'ana kudenga. Pepani atate, nkhani ndi yanu.

Chilowereni m'banja lino, a Mbewe anali asanandilankhulepo maso ndi maso. Mwambo mukuudziwa. Tikakumana panjira, ine ndimapatuka ndi kugwada, iwo amayang'ana kumbali ngati akuwerenga mitengo. Akafuna kundiuza kanthu, amauza mwana. Mwana wake uti? Yamikani, amene ali kumsana, amene mawu ake onse ndi "mama" ndi "tata". Mumva ali chapatali: "Iwe Yamikani, uwauze amako kuti mbuzi zalowa m'dimba." Ine nkuyankha: "Yamikani, uwauze agogo kuti tamva." Mwana ali phee, akuyamwa chala. Mukuseka, koma ine ndinakulira m'tauni, kwathu zimenezi zinali zochepa, ndipo zinkandipweteka. Ndinkati mwina sandifuna. Ndinkati mwina ndi dzina langa lomwe salidziwa.

Mwezi wathawu malipiro analowa msanga chifukwa cha Khirisimasi. Amuna anga, amene anali asanabwere kutchuthi, anakwera pachulu paja nkundiimbira. Anati, "Amake Yamikani, usanaganize za mpunga, usanaganize za shuga kapena malaya a mwana, feteleza. Feteleza wobereketsa choyamba." Ndipo ankanena zoona. Chimanga cha kumunda kwa apongozi chinali chitafika m'mawondo, masamba ayamba chikasu. Munda umenewo ndi umene umatidyetsa tonse: apongozi, ife, ndi ana amasiye a malemu alamu anga. Malipiro amenewo akanapita, ena ndi kumapeto kwa Januwale, chimanga chitafooka kale. Alimi muli muno, mukudziwa kuti chimanga sichidikira munthu. Ndiye chimene ndinanyamula pachifuwa tsiku limenelo sichinali khadi chabe, abale. Inali nkhokwe ya chaka chonse.

Tinanyamuka m'mawa. A Mbewe anabwera nawo kuti akasankhe feteleza ndi kupeza galimoto yonyamula matumba. M'minibasi ine kutsogolo, iwo kumbuyo kwenikweni. Titafika ku Katete, anthu anali ngati nyerere. Masitolo akuliza nyimbo, ena anyamula nkhuku, ena makatoni, ndipo pamakina a ndalama mzere unali utakhota mpaka kumsewu. Ine ndinalowa pamzere. A Mbewe anawoloka msewu nkukaima pakhonde la sitolo ina, kutali, monga mwa mwambo, chipewa chili kumutu.

Kumbuyo kwanga kunaima bambo wina. Abale, ndikufuna mumuone bwino bambo ameneyu, chifukwa mwina mudzakumana ndi mnzake. Imvi m'mutu. Jekete yosita bwino, tayi, nsapato zopolisha ngakhale kunali matope. M'khwapa anapanira chikwama chakuda cha zipi, chija timaikamo Baibulo. Dzuwa litayamba kuwotcha, anatsegula ambulera nkumufunditsa Yamikani. Anati, "Mwana asapse, amayi." Anamuseweretsa, anandifunsa kumene ndimapemphera, iye nkunena kuti ndi mkulu wa mpingo cha ku Sinda. Ndipo tamverani izi. Anandichenjeza! Anati, "Mwana wanga, nyengo ino akuba achuluka, khadi lanu musamale." Ine mumtima ndinati, Ambuye zikomo, mwandiikira mngelo kumbuyo.

Nthawi yanga itakwana, Yamikani anali atatopa, akulira, akundikoka duku. Bambo uja anasendera nane mpaka pamakina, ambulera ili pamutu pa mwana. Ndinalowetsa khadi. Makina anafunsa pini. Apa ndi pamene ndikufuna mundimve, amayi anzanga. Dzanja langa lamanzere linadzuka lokha kuti liphimbe manambala, monga ndimachitira nthawi zonse. Koma mtima unati, Nelia, ukaphimba ndiye kuti ukuwanena bambo awa kuti ndi wakuba. Munthu wamkulu, waimvi, amene wafunditsa mwana wako. Unaleredwa bwanji? Dzanja lija ndinalitsitsa. Ndinalemba pini poyera, ngati ndikulemba pabolodi.

Makina anachedwa, anachedwa, kenaka nkulavula khadi osatulutsa kanthu. Masiku a chikondwerero amatero, anthu akachuluka. Bambo uja anati, "Musade nkhawa. Kachitsulo ka pakhadipo kadetsedwa ndi thukuta, mwalisunga pathupi. Bweretsani ndikupukutireni."

Abale, ndinapinda maondo. Ndinawapatsa ndi manja awiri. Ndi manja awiri, monga anandiphunzitsa amayi anga kupereka madzi kwa mlendo!

Anatulutsa kampango m'thumba la jekete, anapukuta, anapukuta, akulankhula ndi mwana, nkundibwezera. Ndinalowetsanso. Tsopano makina anati pini yalakwa. Ndinayesanso, anakananso. Iye anati, "Basi lekani, angakumezereni. Ndi netiweki chabe. Pitani mukamwe kaye kanthu, mubwere masana. Inenso ndasiya, ndibwera masana." Ine ndinathokoza. Mukumva? Ndinathokoza! Ndinati, "Zikomo atate, Mulungu akudalitseni." Iye anapinda ambulera nkuyamba kuyenda, osathamanga ayi, kuyenda kwaulemu, kulowera kumsika.

Nditatembenuka ndinaona chinthu chimene sindinachionepo. A Mbewe akuwoloka msewu mothamanga. A Mbewe, amene bondo lawo lamanja mukulidziwa nonse, amene pokwera masitepe a tchalitchi chino amapuma kaye. Akudutsa pakati pa njinga, minibasi ikuwaimbira hutala, iwo osatembenuka. Chipewa anali atavula kale. Anafika kutsogolo kwa bambo uja akumwetulira, manja onse awiri atatambasula.

"Aa, bambo! Moni, moni, moni! Muli bwanji?"

Munthu wovala tayi, wonyamula chikwama cha Baibulo, pamaso pa mzere wonse, angakane bwanji moni wa nkhalamba? Anapereka dzanja. A Mbewe analilandira ndi manja awiri. Ndipo sanalisiye.

"Kunyumba mwasiya kuli bwanji?"

"Kuli bwino, achikulire, zikomo."

"Amayi adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino. Pepani, ndili pachangu pang'ono."

"Changu pa Khirisimasi? Nanga ana? Onse ali bwino? Wamkulu uja?"

"Achikulire, mwina mwandisokoneza ndi munthu wina."

"Zimachitika, maso akalamba. Nanga mvula kwanu ikugwa bwanji? Kwathu inadula sabata yatha. Chimanga mwathira kale?"

Bambo uja akukoka dzanja, dzanja silikubwera. Limenelo ndi dzanja limene lagwira khasu ndi pulawo kuyambira ine ndisanabadwe. Ine ndinali nditafika pafupi, ndipo poona apongozi ndinachita chimene ndimachita nthawi zonse: ndinagwada m'mbali, maso pansi. Ndipo manyazi anandigwira. Ndinkati, mayo, achikulire asokonezeka, akuvutitsa munthu wabwino.

Ndinamva akuti, "Iwe Yamikani, uwauze amako aone chimene agwira m'manja."

Ine ndinayankha mwaulemu, maso ali pansi, "Yamikani, uwauze agogo kuti makina akana, tibwera masana."

"Yamikani! Uwauze amako ayang'ane bwino!"

Ine osamva. Bambo uja tsopano anayamba kupotoza mkono, mawu aulemu aja atha, akuti, "Iwe mudala, nisiye!" Pamenepo ndi pamene ndinamva mawu amene sindidzawaiwala mpaka kumanda.

"Nelia! Mwana wanga, dzuka! Werenga dzina lili pakhadipo!"

Abale, ndinadzidzimuka ngati wandiitana ndi Mulungu. Ndinakweza maso, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona apongozi anga akundiyang'ana m'maso, pakati pa msewu, pamaso pa anthu. Ndinayang'ana khadi. Mtundu womwewo. Banki yomweyo. Koma dzina silinali la amuna anga. Linali la mayi wina amene sindimudziwa.

Ine amene ndimayimbira kumbuyo, tsiku limenelo Katete yense anandimva. "Wakuba! Wakuba! Wandisinthira khadi!" Bambo uja anawaponda a Mbewe pabondo lomwe lija. Anadziwa posankha. A Mbewe anagwa pansi m'matope, koma dzanja sanalisiye, anagwa nalo. Munthu uja anawakoka pansi, iwo ali gwa! Mlonda wa pabanki anafika, anyamata a pamzere anafika. Chikwama chakuda chija chinagwa nkutseguka. Munalibe Baibulo, abale. Munali makhadi okhaokha, amitundumitundu, a anthu ena. La amuna anga linapezeka m'thumba la jekete, litakulungidwa m'kampango kaja.

Mukudziwa chimene chimachitika kumsika akagwira wakuba. Wina anali atatola kale mwala, wina thabwa. Ndipo ndikuulula, mumtima mwanga ndinkati mumenyeni. Koma munthu amene anapondedwa, amene anali pansi matope ali m'malaya, ndi amene anakweza dzanja. Anati, "Ayi, ana anga. Musamukhudze. Ndamugwira ndine. Sabata ino tikukumbukira kubadwa kwa Mwana, sitikhetsa magazi. Mupite naye kupolisi ali wathunthu." Ndipo anthu anamvera. Nkhalamba yokhala pansi, yopanda chipewa, anthu anaimvera. Ndani wina akanatero? Ine sindikanatha.

M'banki anatilowetsa mkati. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo anandikhazika pansi, anandipatsa madzi. Anandiuza kuti pini ija yaonedwa, isinthidwe nthawi yomweyo, ndipo anandiperekeza kumakina, iye nkuima kutali atatembenuka. Ulendo uno ndinaphimba ndi dzanja, ndi chitenje chomwe. Ndalama zinali momwemo, abale. Zonse. Sanachotseko ngakhale ya mchere. Mayi uja anandidzudzulanso mwachikondi kuti khadi ndi la mwini wake, amuna anga akabwera tikonze kuti ndikhale ndi langa, ndipo takonza. Kenaka anandifotokozera chimene chikanachitika. Anati munthu uja akanangokhota pakona, akanakatapa pamakina ena, zotsala nkukagula nazo katundu m'masitolo. Uthenga wochenjeza ukanapita kufoni ya mwini khadi. Foni ili kuti? Ku Vubwi, pansi pa chulu, yopanda netiweki. Ine ndikanakhala pamthunzi ndikumwetsa mwana maheu, ndikudikira masana, nkhokwe ikupsa.

Ndipo mayi uja wa dzina la pakhadi limene wakuba uja anandipatsa, sindimudziwa. Sindidziwa ngati anali ndi wina womuyang'anira kutsidya kwa msewu. A kubanki anati amufunafuna. Ndikupempha tizimukumbukira m'mapemphero, iye ndi onse amene makhadi awo anali m'chikwama muja, chifukwa Khirisimasi yawo sinali ngati yanga.

Kupolisi anawafunsa a Mbewe kuti anadziwa bwanji. Iwo anati, "Za makhadi ine sindizidziwa, sindinagwirepo. Ndinangoona mwana wanga wapereka kanthu ndi manja awiri, kampango kalowa m'thumba, ndipo munthu amene waima pamzere m'mawa wonse akuchoka osayesa n'komwe makina. Mtima unakana. Ndinati ndikamugwira malaya ndili wolakwa, ndachimwira munthu. Koma moni? Ndikalakwa, ndangopatsa munthu moni. Moni sapita naye munthu kukhoti." Wapolisi anaseka mpaka kusiya cholembera.

Madzulo ake ndili kukhitchini ndi apongozi akazi, ndinalira. Ndinati, "Amayi, ine ndinkayesa kuti atate dzina langa salidziwa." Iwo anandiyang'ana nkuseka. Anati, "Iwe, dzina lako ine lafika pondikola. M'mawa uliwonse popemphera amayamba ndi iwe, ine mkazi wawo ndimabwera pambuyo pa ng'ombe." Abale, nthawi yonse ija ndinkayesa kuti akuyang'ana mitengo, anali akuyang'anira ine.

Ndiye abale anga, tchuthi sichinathe, ndipo kutsogoloku kuli ndalama za mayunifomu, kuli Pasaka, mizere idzakhalapo. Ulemu ndi wabwino, ndipo ine sindinausiye. Koma pamakina paja phimbani dzanja. Kaya kumbuyo kwanu kuli imvi, kaya kuli tayi, phimbani. Abusa, mundikhululukire, ngakhale mutaima inu ndidzaphimba. Munthu woona mtima sakwiya, amayamba ndi iye kutembenuka. Khadi lisachoke m'manja mwanu, osati kuti alipukute, osati kuti akuyesereni. Makina akakana, lowani mkati mukafunse amene ali pantchito. Kusitolo, kamakina kolipirira abweretse pamaso panu. Ndipo khadi likabwerera m'manja mwanu, werengani dzina musanachoke. Dzina chabe. Likasowa, kaya mwakayika kuti pini yaonedwa, musadikire masana, musadikire kuti ndikafunse kaye bambo kunyumba. Kauzeni a kubanki nthawi yomweyo atseke. Ine Mulungu anandiikira apongozi kutsidya kwa msewu. Sindikudziwa ngati tsiku lina adzakhalapo, bondo lija likanali lotupa.

Feteleza tinagula tsiku lomwelo. Pobwerera, ine kutsogolo, iwo kumbuyo pamwamba pa matumba, mwendo atautambasula. M'mawa mwake ndikusesa pabwalo, ndinkaganiza kuti tsopano zasintha, tizicheza. Ndinamva ali kuseri kwa khola: "Iwe Yamikani, uwauze amako asiye kulira, bondo silinathyoke. Uwauzenso kuti dzulo anakuwa bwino." Mwambo unabwerera pamalo pake. Koma tsopano ndikaumva, sundipwetekanso.

Mukatuluka muno, amene mumadzera njira ya kuchigayo, muyang'ane kumanzere. Chimanga chija cha chikasu chija lero chabiriwira, chili bii, chandipitirira m'chiuno. Chimenecho ndi umboni wanga, ndipo sichinama.

Yamikani, mwana wanga, dzuka, uwauze agogo kuti... Ayi. Gona. Iwo anaswa mwambo kamodzi chifukwa cha ine, inenso ndiuswa kamodzi, akulu a mpingo mundikhululukire. Atate, a Mbewe, tsitsani maso kudengako. Ndine Nelia. Zikomo, atate. Zikomo.

Ndipo zikomo kwa Mulungu wa kumwamba, amene anapatsa mphamvu bondo lodwala, amene anasandutsa moni kukhala unyolo, amene anasunga chakudya cha ana amasiye. Ine ndekha sindingakwanitse kuthokoza, mawu anga ndi ochepa. Ndithandizeni, abale. Amayi a chigwirizano, nthungululu zili kuti? Imirirani, kondwerani nane, muwombe m'manja mpaka amve ku Vubwi popanda kukwera pachulu! Ambuye alemekezeke! Amen.